Misomali pa Mlatho wa Atsibweni

Ndinaphunzira za madzi ku koleji chaka chimodzi ndi theka, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike poyamba pomwe, chifukwa m'nkhani yonseyi palibe pamene zidzaonekere zokha. Chaka chachiwiri chisanathe ndinawidedwa. Amene simunapiteko musavutike nawo mawuwo: ndiko kuti aphunzitsi anayang'ana mayeso anga, nayang'anana okhaokha, nagwirizana kuti dziko likundifuna kunja kuno mwamsanga. Ndinabwerera ku Lilongwe ndi chikwama chimodzi ndi mawu akuluakulu okwana kusokoneza nawo mwambo wa maliro.

Amayi anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 11, kwa banja lina limene kapinga wake amamwa madzi kawiri pa tsiku, chilimwe ndi dzinja lomwe. Ndinakhala nawo m'kachipinda ka kuseri miyezi inayi. Kukhala pansi kunkandikanika. Mmawa ndinkatsetsereka wapansi mpaka ku City Centre, n'kumazungulira maofesi ndi nkhope ya munthu amene akudikira wina, kenaka kukwera minibasi ya ku tauni, kutsika, kuyang'ana nsapato zimene sindigula, kubwereranso. Amayi anandipezera ntchito ziwiri kudzera kwa anzawo a kutchalitchi. Yoyamba ndinaisiya ndekha. Yachiwiri inandisiya ine, nditauza mwini sitolo kuti katundu wake anamuika molakwika m'mashelefu.

Tsiku lina akusita malaya a abwana awo anandiuza, osadzutsa n'komwe mutu:

"Mawa upita kwa atsibweni ako ku Tsoka. Ndayankhula nawo. Akakubweza iwowo, kuno usabwere. Ukakwere ya kumudzi ku Malingunde. Khasu la abambo ako likadali kuseri kwa chitseko."

Ine khasu sindidana nalo. Ndimangoona kuti limaoneka bwino likakhala kutali. Choncho mawa lakelo ndinapita.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anali ndi mlatho. Anthu a kwina ndikawauza zimenezi amaganiza kuti ndikuwanamiza, koma aliyense amene anagulako kaunjika mu Lilongwe akudziwa. Mtsinje wa Lilongwe umadutsa pakati pa msika waukulu ndi msika wa Tsoka. Mlatho wa simenti ulipo, koma ndi wozungulira, ndipo munthu amene wasenza belo la zovala safuna kumva za kuzungulira. Ndiye anthu anamanga timilatho tamatabwa tawotawo, tondondozana kutsika ndi mtsinje, ndipo wowoloka amasiya kandalama kumapeto. Wa atsibweni unali wachitatu kuchokera kumtunda. Nsanamira za bulugamu zozikidwa m'madzi, mitanda pamwamba pake, matabwa oyala, ndi mitengo yogwirira m'mbali. Zonsezo zomangidwa ndi linya, zingwe zakuda zija amasenda ku matayala akutha. Msomali panalibe ngakhale umodzi.

Ukapondapo unkayankha. Thabwa lililonse linali ndi mawu ake, ndipo mlatho wonse unkagwedezeka ngati ukukana zimene wauuza. Azimayi ovala nsapato za gogoda ankawoloka akutchula dzina la Mulungu chapansipansi.

"Awa ndiye a Injiniya," atsibweni anatero pondionetsa kwa amayi a mlatho wakumtunda kwathu, amayi amasiye onenepa bwino amene ankakhala pa benchi ndi ambulera tsiku lonse. "Anapita kukaphunzira madzi. Madziwo anawakana."

"Takulandirani, a Injiniya," amayiwo anatero. "Kusambira mumatha?"

Ndinati ayi.

"Ndiye munkaphunzira chiyani?"

Dzina limenelo linandikanirira. Mpaka lero ku Tsoka dzina langa lenileni saalidziwa.

Ntchito yanga inali kukhala kumapeto a mlatho, kulandira, ndi kuuza onyamula mabelo kuti asakwere atatu nthawi imodzi. Ntchito yokhala pansi, kwa munthu amene matako ake sagwirizana ndi mpando. Ndinkaimirira, kuwoloka, kubwerera, kusuzumira m'madzi. Pansi pathu anyamata ankatsuka nsapato za kaunjika ndi burashi mpaka zioneke ngati sizinapondepo dziko la eni. Kumunsi pang'ono wina ankatsuka tomato, wina njinga yamoto, wina miyendo yake, onse m'madzi amodzi, popanda msonkhano uliwonse wogawana.

Makasitomala akachepa, atsibweni ankandiphunzitsa mbiri ya mtsinjewo. Ku koleji anatiphunzitsa ndi mapu. Atsibweni ankaphunzitsa ndi chibwano, n'kumaloza.

Ankati iwo atabwera mu tauni ali mnyamata, pamalo amenewa anthu ankawoloka podumpha miyala. M'dzinja miyala ikamira, iwo ndi anzawo ankabereka anthu kumsana. "Ndinaberekapo mkulu wa mpingo, baibulo lili pamutu panga. Ndinaberekapo mayi wodwala pamodzi ndi nkhuku yake." Msana utayamba kudandaula analowa zokumba mchenga, ndipo ankanenetsa kuti theka la maofesi a ku City Centre ndi mtsinje wa Lilongwe umene unaimirira. "Ukalowa mu ofesi n'kumanjenjemera, uzikumbukira kuti khomalo ndinalikweza pa lole ndi fosholo ineyo." Mchenga utachepa pafupi, anagoneka mtengo umodzi pamwamba pa miyala. Kenaka iwiri. Kenaka matabwa.

Za madamu a kumudzi kwathu ku Malingunde ankazinena ngati za wachibale amene anapeza ntchito yabwino n'kusiya kupereka moni. Madzi amatsekeredwa kumeneko, ankatero, amatulutsidwa ndi muyeso, amatsukidwa, amalowa m'mapaipi, amakwera mtunda kupita kukathirira kapinga kumene amagwira ntchito amayi ako, kenaka amabwerera kuno kudzera m'ngalande atatopa, akununkha. "Mtsinje uwu uli ndi mabwana ambiri kuposa mlonda wa pa geti. Wina akuti ima, wina akuti yenda, wina akuti ndichapire. Chaka chonse umangoti chabwino bwana. Koma pali masiku ake angapo m'dzinja amene umapita ku holide, ndipo masiku amenewo suona nkhope."

Ndinkamva, koma monga mmene ndinkamvera ku koleji. Mutu unkagwedera, maganizo ali pa gogoda wa mayi wina amene watsala pang'ono kulowa pampata wa matabwa. Mlathowo unkandichititsa manyazi. Anzanga a ku koleji ena anali atayamba kuyenda ndi zipewa zoyera za pulasitiki, ndipo ndinkaopa tsiku limene mmodzi wa iwo adzawoloke n'kundipeza ndikuyang'anira chinthu chomangidwa ndi zingwe za matayala. Kawiri konse ndinawauza atsibweni kuti mlathowu ukufunika misomali ndi mitanda yopingasa pansi kuti usamagwedezeke.

Ulendo woyamba anangoti, "Ehe." Ulendo wachiwiri anati, "A Injiniya, mfundo iyi mwaiona?" Anagwira nsonga ya linya, n'kuikoka pang'ono, mfundo yonse n'kumasuka yokha ngati yatopa. Anaimanganso. "Muiphunzire."

Chifukwa chake sananene. Kwa iwo chinali chodziwikiratu ngati kuti madzi amanyowetsa. Nanenso sindinafunse, pakuti munthu amene anakhalapo chaka ndi theka ku koleji safunsa za mfundo. Ndinafika ku Tsoka mvula itatha, ndipo dzinja la pa mlatho ndinali ndisanalione.

Mu Januwale apongozi awo a atsibweni anamwalira kumudzi. Anandiitana, n'kundipatsa kiyi wa kanyumba kosungiramo zinthu, n'kunena kuti akakhala sabata, mwina kupitirira, chifukwa panalinso nkhani za munda zofunika kukamba.

"Mlatho ndakusiyirani. Foni izikhala ndi moto nthawi zonse. Ikalira muziyankha."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga munthu kundisiyira chinthu chachikulu kuposa ketulo. Minibasi yawo isanafike n'komwe ku Likuni, ine ndinali m'sitolo ya zitsulo. Malipiro anga onse a mwezi umenewo anathera pa misomali, yaitali ija ya denga la tchalitchi, ndi mitengo ina ya bulugamu. Hamala ndinabwereka kwa wokhoma nsapato.

Ndinagwira ntchito masiku atatu, ndipo ndinene mosabisa kuti masiku atatu amenewo ndiwo okha chichokereni ku koleji amene miyendo yanga sinafune kupita kwina. Thabwa lililonse misomali inayi uku, inayi uko. Mitanda ndinaikhomera ku nsanamira. Pansi, pafupi ndi madzi, ndinapingasa mitengo kuchoka nsanamira iyi kupita iyo, monga mmene zinalili pa chithunzi cha m'buku. Linya ndinalidula lonse n'kuliunjika m'thumba, ndi ulemu woyenera chinthu chimene chatumikira nthawi yake.

Amayi a mlatho wakumtunda ankandionerera pansi pa ambulera yawo.

"A Injiniya, mukumanga tchalitchi?"

"Ndikulimbitsa, amayi."

"Atsibweni anu akudziwa?"

"Adzaona akabwera."

"Adzaonadi," anatero. Anatsegula pakamwa ngati awonjezera, kenaka kasitomala anafika, iwo n'kutembenuka. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaganiza kuti munthu wophunzira ali ndi njira ina yomasulira misomali imene iwo saidziwa. Sukulu imaopsa anthu chomwecho.

Mlatho unakhala chete. Ukapondapo sunkayankhanso. Onyamula mabelo ankakwera asanu, akuthamanga. Mayi wina wa gogoda anawoloka osatchula Mulungu ngakhale kamodzi, ndipo atafika tsidya lino anandiuza kuti, "Achimwene, uwu ndiye mlatho." Ndinagwedeza mutu pang'ono, monga amachitira anthu amene anazolowera kuyamikiridwa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunacha kowala. Mu tauni mvula inali isanagwe masiku atatu, ndipo fumbi linali litayambanso. Cha m'ma teni koloko foni inalira.

"A Injiniya, masulani mlatho."

Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo kopukutira thukuta.

"Atsibweni, kuno kuli dzuwa."

"Dzuwa lanulo likhale. Ku Dzalanyama, kumene mtsinjewu umachokera, yagwa usiku wonse, damu likusefukira, ndaima pano ndikuona ndi maso anga. Muuzenso amayi akumtundawo. Matabwa ndi zogwirira zonse mukweze kumtunda, nsanamira muzisiye zokha, madzi azidutsa pakati. Mukakoka mfundo zija ndi ntchito ya ola limodzi. Muli ndi nthawi mpaka cha m'ma thuu. Mwamva?"

Pamenepo ndi pamene maphunziro anga a za madzi anamalizika. Zimene aphunzitsi analephera kundilowetsa m'mutu chaka ndi theka zinalowa zonse nthawi imodzi, ndili chiimire pa mlatho wolimba kuposa yonse mu Lilongwe.

"Atsibweni," ndinatero, "pali kankhani pang'ono."

"Mudzandiuza ndikabwera. Mayunitsi akutha."

Ndinapita kwa amayi akumtunda n'kuwauza. Sanayang'ane kumwamba ngati ine. Anapinda ambulera, n'kuitana amuna awiri amene ankawathandiza, mawu n'kuyamba kutsika ndi mtsinje kuchoka mlatho uwu kupita uwo. Ndinaona chinthu chimene ndikanayenera kuchidziwa kalekale. Munthu amagwada, amakoka nsonga ya linya, thabwa limanyamuka, wina amalilandira, wina amaliunjika pamwamba pa gombe. Mopanda phokoso, mopanda kuthamanga, ngati anthu akuanula zovala. Otsuka nsapato nawonso anasonkhanitsa katundu wawo n'kukwera. Pasanathe nthawi milatho yonse inali mizere ya nsanamira zokhazokha, zoima m'madzi ngati mano a chipeso.

Yonse kupatula umodzi.

Ndinali nditagwada ndi hamala ya wokhoma nsapato, ndikulimbana ndi msomali woyamba. Ndinaukhoma bwino msomali umenewo. Mutu wake unali utalowa m'thabwa mwakuti pougwira panalibe. Nditauzula, patatha nthawi yokwana kuphika nyemba zofewa, ndinayang'ana kutsogolo kwanga n'kuona anzake onse akundidikira pamzere, akunyezimira padzuwa.

Ndiye kunabwera anthu. Milatho ina yonse itachoka, msika wonse wa Tsoka ndi msika waukulu unatsala ndi njira imodzi yachidule, ndipo njirayo inali ine. Mabelo, mabasiketi a tomato, amayi obereka ana, bambo wina ndi matiresi pamutu. Ankandidumpha ndili chigwadire, ena n'kumandiponyera kandalama pamsana. Kwa ola limodzi ndinali mwini mlatho wopambana m'mbiri yonse ya mtsinje wa Lilongwe.

"Musawoloke, madzi akubwera," ndinkatero.

"Madzi ake ati, achimwene? Tapatukani."

Amayi akumtunda ndiwo anathetsa zimenezo. Anabwera atanyamula benchi yawo, n'kuiika chopingasa pakhomo pa mlatho, n'kukhalapo. Mmodzi wa amuna owathandiza aja anamutumiza tsidya lija kukachita chimodzimodzi ndi thabwa.

"Wofuna kufa azungulire ku mlatho wa simenti, akafere pa msewu ngati munthu," anauza gulu lija. Kenaka kwa ine: "A Injiniya, njira yanu ija ya kusukulu yomasulira misomali, ino ndiye nthawi yake."

"Palibe, amayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wa mlongo wake," anatero, osati kwa ine, koma kwa mtsinje. Anaitanitsa chitsulo chozulira misomali kwa akalipentala a mumsika, ndipo tinayamba atatu. Matabwa ena ankang'ambika pakati m'malo mochoka. Zala zanga zinatuluka magazi, ndipo ndinasangalala nazo pang'ono, poganiza kuti atsibweni akadzaona mabala mwina adzachepetsa mawu. Tinachotsa matabwa asanu ndi awiri, a kumapeto.

Mtsinje sunabwere ndi mkokomo monga ndinkayembekezera. Unayamba wasintha mtundu, kuchoka kobiriwira kwake kwa masiku onse kupita kofiira ngati tiyi wa mkaka wochepa. Kenaka kunabwera mapesi, bango, mabotolo, majumbo a mitundu yonse, thunthu la nthochi likutembenuzika ngati munthu waulesi pa mphasa. Mwala umene otsuka nsapato ankakhalapo unamira ndikuuyang'ana.

"Tsikanipo," amayi aja anatero. "Basi. Thabwa si m'bale wanu."

Tinaima pagombe ndi msika wonse. Pa milatho ina zinyalala zinkadutsa pakati pa nsanamira n'kumapita. Pa wathu zinkafika pa mitengo yanga yopingasa ija n'kuima. Mapesi anagwira bango, bango linagwira majumbo, majumbo anatseka timipata totsala. Nthambi yaikulu ya mtengo inafika n'kukhala pamwamba pa zonsezo. Madzi anayamba kukwera kumbuyo kwake, kuposa mbali ya kumunsi. Ndinali nditamanga damu. Ndikukhulupirira kuti pa onse a kalasi yathu, woyamba kumanga damu pa mtsinje waukulu ndinali ine.

Linakhala mphindi zingapo. Kenaka nsanamira zinazuka zonse pamodzi, mwaulemu, mlatho n'kutembenuka mbali imodzi ngati basi yotuluka mu depoti, n'kuyamba ulendo. Sunathyoke. Unadutsa pamwamba pa nsanamira za milatho ya kumunsi, n'kuthyolako ziwiri zitatu za eni, n'kukhota pa gulaye uli wathunthu, zogwirira zake zili chiimire. Munthu wina kumbuyo kwanga anati, "Koma ndiye unali wolimba." Dzuwa linali likuwalabe.

Masiku awiri otsatira sindinapite ku Area 11. Ndinkagona m'kanyumba kosungiramo zinthu, pamwamba pa matabwa asanu ndi awiri aja. Masana ndinkayenda. Ndinafika ku depoti katatu kukayang'ana minibasi za ku Malingunde, kuti maso azolowere. Ndinkayeseza zonena. Ndinali ndi mawu a chizungu okwanira kufotokoza zonse zimene zinachitika, ndipo palibe ngakhale amodzi amene akanayandama.

Atsibweni anafika tsiku lachitatu mmawa, madzi atatsika. Eni milatho ena anali akuyala kale matabwa awo, linya lili kukamwa. Iwo anaima pamalo pamene panali mlatho wawo, chikwama chili m'manja, jekete la maliro likadali m'thupi. Anayang'ana madzi. Anayang'ana matabwa asanu ndi awiri, natola limodzi, nalowetsa chala m'bowo la msomali. Amayi akumtunda anali atawauza kale pa foni, koma anafuna kuona bowolo okha.

"Misomali munagula ndi ndalama zanu?"

"Eya."

"Yonseyo?"

"Eya, atsibweni."

"Mwakhama." Anaika thabwa pansi. "Tiyeni tikaufune."

Tinatsika ndi mtsinje wapansi, iwo patsogolo ine pambuyo, m'matope ofika m'akakolo. Tinadutsa madimba amene chimanga chake chinagona chonse kuloza mbali imodzi, ndi mitengo imene inavala majumbo mpaka m'nthambi. Ankangopereka moni kwa anthu n'kufunsa, "Simunaoneko mlatho ukudutsa?" Ndipo anthu ankayankha ngati ndi funso la masiku onse. "Unadutsa masana, masiku atatu apitawa. Unkathamanga."

Tinaupeza cha kumunsi kwa Kawale, pa gulaye pamene anthu amakumba mchenga. Madzi anausiya utatsamira gombe, mbali imodzi pansi ina pamwamba, ndipo okumba mchenga anali ataupezera kale ntchito. Ankakwezapo mawilibala kuchoka mumtsinje kupita pamene pamaima malole. Wilibala yodzaza inkakwera, mlatho osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Mkulu wawo, bambo wa imvi za m'ndevu, anawazindikira atsibweni. Anakumbira limodzi mchenga kalekale. Anapatsana moni wautali, wa ana ndi wa maliro, ndipo atatha atsibweni analoza ndi chibwano.

"Katundu uyu ndi wanga."

"Anali wanu," mkuluyo anatero mofatsa. "Mukudziwa inunso, achimwene. Chobwera ndi madzi n'cha amene wachivuula. Chaka chatha tinavuula chitseko, mwini wake anabwera ndi kiyi, koma chitseko chinatsala."

"Ndikudziwa. Ndinavuulapo mbuzi pomwe pano."

"Ndiye mwaona." Mkuluyo anamenya thabwa ndi fosholo. "Koma amene anakhoma uyu ndi mmisiri. Tayesa kuchotsako thabwa limodzi loti tikhalire, takanika."

"Ndi awa," atsibweni anatero. "Anapita ku koleji."

Okumba mchenga onse anasiya ntchito n'kundiyang'ana ndi ulemu. M'moyo mwanga sindinalandirepo ulemu wowawa chotero.

Anakambirana atakhala pa mulu wa mchenga, nthawi yaitali, nkhani n'kumapatukira kwa anthu amene anamwalira ndi mabwana a malole akale. Pamapeto pake anagwirizana chifukwa cha chinansi chakale: theka la mlatho litsale likweze mawilibala, theka tibwerere nalo, koma wodula ndi kuzula misomali akhale mmisiri mwini wake. Ndinakhala kumeneko masiku anayi ndi chitsulo chija. Msomali uliwonse ndinkaukumbukira. Okumba mchenga ankandigawira chimanga chootcha n'kumandifunsa ngati ndingawakhomerenso mashedi.

Matabwa amene anapulumuka tinabwera nawo pa ngolo yokankha. Mlatho watsopano unatuluka wopapatiza, woti anthu awiri sangapatukirane, ndipo onyamula mabelo ambiri anasamukira kwa amayi akumtunda. Atsibweni anapitanso kukapepesa kwa eni milatho ya kumunsi, atanyamula nsanamira zatsopano paphewa. Zonsezi ankachita osandiuza kanthu, ndipo ine ndinkangodikira. Chikwama changa chinali chomangamanga m'kanyumba muja.

Tsiku loyala matabwa, nditaona kuti kudikira kundipha, ndinafunsa ndekha.

"Atsibweni, ndiye ndizipita kumudzi?"

Anali atagwada, linya lili kukamwa. Analichotsa.

"Kumudzi kuli nkhokwe. Kuli khola la mbuzi, kuli ngolo ya apongozi anga. Zonsezo n'zomanga ndi luzi. Ndikutumizeni kumeneko ndi hamala, popanda wokuonani?" Anapukusa mutu. "Mukhala pompano, pamene maso anga akufika. Gwadani apa."

Anandiponyera thumba lija ndinaunjikamo linya lodulidwa. Zidutswa zambiri zinali zazifupi, ndipo ndinayenera kuzilumikiza ziwiriziwiri. Anandionetsa mfundo ija kamodzi, kawiri, kachisanu. Ndikamanga, iwo ankakoka nsonga. Ikakana kumasuka ankati, "Mwakhomanso," ine n'kuyambiranso. Amayi akumtunda ankaonerera pansi pa ambulera, n'kumauza makasitomala awo kuti tsidya ili kwatsegulidwa koleji.

Amayi anga anamva nkhani yonse Lamulungu ku tchalitchi, kwa anthu atatu osiyanasiyana, ndipo m'nkhani ya wachitatuyo mlatho unakafika ku Salima. Atandiona anangofunsa ngati atsibweni andibweza. Nditati ayi, anapitiriza kusita.

Madzinja angapo apita tsopano. Mlatho unabwerera m'lifupi mwake pang'onopang'ono, thabwa limodzi limodzi, ndipo umagwedezeka ngati kale. Mnzanga wina wa ku koleji anawolokapo tsiku lina, chipewa choyera chili m'manja, n'kundiuza kuti chinthuchi chikufunika mitanda yopingasa. Ndinati, "Ehe."

Kukhala pansi kumandikanikabe. Kungoyambira Disembala foni ndimaigwira m'manja ngati dzira, ndipo maso amakhala cha kumene kuli Dzalanyama, ngakhale kuti kuchokera ku Tsoka chimene umaona kumeneko ndi madenga a masitolo basi. Ndimawoloka, kubwerera, kugwada, kukoka nsonga ya linya kuti ndione ngati imasuka, n'kuimanganso. Atsibweni amati ndikutha linya ndi kuyesa. Chaka chatha ndinamasula mlatho wonse kawiri madzi osabwera, ndipo ulendo wachiwiriwo foni imene inalira inali ya munthu wolakwitsa nambala.

Misomali ija ilipo, m'chitini cha penti, m'kanyumba kosungiramo zinthu. Ndinaiwongola yonse ndi hamala pamwala. Atsibweni anakana kuti ndiigulitse. Akuti tiisunge, mwina tsiku lina ndidzafuna kumanga chinthu chimene sichili pa mtsinje.